Njira ya M'munsi

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinasenza zikwama za alendo
kuchoka pa Likhubula mpaka kukatula ku Chambe,
thukuta kamukamu, mtima uli phaphapha,
ndipo kanjira aka ka m'mbali mwa madzi
ndinkati n'ka mbuzi ndi ana asukulu.

Lero n'kanga.

Adokotala a paboma anagogoda bondo langa
ngati munthu wosankha dzungu pamsika.
Anati ili latha, phiri mulisiye,
koma musakhale pansi,
muziyenda poti see, dzuwa lisanakalipe.
Ndinaseka. Ku Mulanje kuno poti see n'kuti?

Feliya, mzime wanga, ndiye anandilozera.
Umayambira pa mlatho wa matabwa atatu,
n'kutsata ngalande yopita ku minda ya tiyi.
Madzi ake sathamanga, salongolola,
ngati nawonso anauzidwa ndi dokotala.

Tsiku loyamba ndinathera pa mkuyu.
Ndodo ija ya mkungudza ndinkanenerera alendo,
yozokotedwa kuti Sapitwa,
ndiyo inandibweza kunyumba.
Lachiwiri ndinapitirira mkuyu ndi mapazi khumi.
Ndinawerenga. Munthu wamkulu, kuwerenga mapazi!

Kumtunda kuja maso anga ankakhala pa chidendene cha mnzanga.
Kuno alibe ntchito, ndiye angoyendayenda.
Aona nkhanu ikukokera tsamba kunsi kwa mwala.
Aona nantchengwa ataima ndi mwendo m'matope
ngati wayiwala chimene anadzera.
Aona tiyi atametedwa bwinobwino mpaka kumalire a mabulugamu,
ndi amayi othyola, madengu kumsana,
manja okha ali ngwe, ngwe,
pakamwa akukamba za mtengo wa sopo.

Anyamata a phiri amandipitirira pa mphambano,
zikwama zitatalika kuposa mitu yawo.
Moni a Mukhuna, lero simukwera?
Ndimati tsogolani, ndikupezani,
tonse n'kuseka bodza lathu.
Akakhota, ndimayang'ana kumwamba.
Chiperoni chikakhala kuti chaphimba Chambe, ndimathokoza.

Mwezi watha ndinafika pa geti la madzi,
pamene ngalande imapatukana ndi mtsinje.
Pali mwala wafulati pamenepo, wosalala pamwamba.
Ndinakhalapo, bondo likuwotcha.
Mlonda wa esiteti, mkulu wina wa ku Muloza,
anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati,
inu si amuna awo a malemu Etelina?
Ankatula mtolo wa nkhuni pomwe mwakhalapo,
n'kuviika mapazi, n'kuyang'ana kuphiri.
Ankati bambo ali pamenepo, pa mtambo uwo,
mwina afika pa kasupe tsopano.

Sindinayankhe.
Madzi ankadutsa pansi pa chitsulo cha geti.

Ine wodziwa mwala uliwonse wa kumwamba,
woterera, wogwedera, wobisa njoka,
uwu wokha sindinkaudziwa.
Zaka zonsezo munthu ankandiperekeza ndi maso
kuchokera pansi pano,
ine ndikuloza alendo zigwa zakutali
ndi kuwauza mayina a nsonga.

Tsopano ndimadzuka tambala wachiwiri.
Ndimadutsa mkuyu osauwerengera,
ndimagula chinanazi chaching'ono kwa mwana wa pa mphambano,
wokana kuchotsera ngakhale fifite kwacha.
Pa mwala paja ndimavula nsapato.
Madzi ndi ozizira, achokera komwe ndinkapita,
afika okha, popanda wowanyamula.
Ndimasenda chinanazi, theka n'kupatsa mlonda.
Sitiyankhula zambiri.

Dzulo Feliya anandifunsa ngati bondo likupeza bwino.
Ndinati pang'ono.
Anati nanga bwanji mukumachedwa kubwerako,
njira yake yaifupi chonchija?
Ndinati mawa tipitire limodzi,
utenge chitenje choyala,
pali malo ndikufuna ukakhalepo.